Musanalipire fizi ku sukulu ya ma estate agent ku Joni kuno, chongani kaye malonda awo chonchi

Abale anga amene tili ku Joni kuno, nkhani iyi yandikhala pamtima kwa masabata angapo ndiye ndati ndingoilemba. Mwana wa achemwali anga, amagwira ya m'garden cha ku Randburg, anandiponyera kapepala pa WhatsApp ka sukulu ina yophunzitsa ntchito yogulitsa ndi kuchititsa lendi nyumba za anthu, aja timangoti ma estate agent. Kapepala kooneka bwino zedi, mnyamata wa suti wayima pambali pa galimoto yonyezimira makiyi ali m'manja, m'munsimo alemba zoti pakangotha masabata 6 ndiwe agent wokwana, ntchito ilipo kale ikungodikira iweyo, ndipo ndalama ya pamwezi yomwe anaikapo ndi yoti m'garden sangaione ngakhale atagwira chaka chonse. Funso lake linali limodzi basi, amalume ndilipire?

Ndinamuuza kuti ayi dikira kaye, tikhale pansi tione mzere uliwonse. Zomwe tinachita tsiku limenelo ndi zomwe ndikulembazi, kuti nanunso mukakumana ndi kapepala kotere mudziwe poyambira.

Chinthu chimodzi muchigwire kaye musanawerenge zina zonse. Sukulu imagulitsa maphunziro, basi. Chilolezo chogwirira ntchitoyi sichichokera ku sukulu, chimachokera ku bungwe la boma la PPRA, Property Practitioners Regulatory Authority. Ntchito imachokera ku kampani ya ma agent yomwe yavomera kukutengani. Ndalama imachokera pa nyumba yomwe mwagulitsa inuyo. Ndiye malonda aliwonse omwe akusakaniza zinthu zinayizi ngati kuti sukuluyo ili nazo zonse m'thumba, pamenepo ndi pomwe bodza limabisala, ndipo lamulo la dziko lino lili kumbali yanu pa nkhani imeneyi, vuto ndi loti ambirife sitilidziwa.

Yambani ndi kudziwa njira yeniyeni

Simungagwire munthu bodza pa za msewu womwe inuyo simuudziwa. Kale ntchitoyi inkayang'aniridwa ndi EAAB pansi pa lamulo la 1976, koma kuyambira pa 1 February 2022 zinasintha, kunabwera Property Practitioners Act 22 ya 2019 ndipo PPRA inatenga malo. Ndiye ngati kapepala ka chaka chino kakunenabe kuti mukamaliza mukalembetsa ku EAAB, dziwani kuti anthuwo mwina anakopera malonda akale osasintha, kapena sakutsata n'komwe zomwe zikuchitika mu ntchito yomwe akuti akuphunzitsani.

Pepala lofunika kwambiri pa ntchitoyi ndi Fidelity Fund Certificate, anthu amangoti FFC. Popanda FFC simuloledwa kugwira ntchito ya u agent, ndipo lamulo likunena poyera kuti munthu wopanda FFC alibe ufulu wolandira komishoni, ngakhale loya yemwe akusintha umwini wa nyumbayo saloledwa kukulipirani asanaone FFC yanu. Mumayamba ngati candidate, ena amanenabe kuti intern, pansi pa kampani yolembetsedwa ndipo pamakhala wamkulu wokuyang'anirani, mumachita maphunziro a NQF Level 4, omwe ndi mulingo wofanana ndi matric, kenako mumalemba mayeso a PPRA otchedwa PDE 4, ndiye mwakhala agent wodziimira. Wofuna kutsegula kampani yakeyake amapitirira mpaka Level 5 ndi PDE 5. Tsopano taonani njira yonseyi kenako muonenso zija za masabata 6. Kozi ya Level 4 ili ndi ma credit 150, ndipo credit imodzi amaiwerengera ngati maola 10 ophunzira, ndiye kuti maola pafupifupi 1,500 kuphatikiza kuwerenga panokha ndi kugwira ntchito yeniyeni. Gawani maola amenewo pa masabata 6 muone ngati munthu wogwira ganyu masana angakwanitse.

Mawu oti accredited

Apa ndi pomwe ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Mawu amenewa aliyense amangolemba, fully accredited, registered, recognised, ndipo amaika tizizindikiro tambirimbiri m'munsi mwa kapepala. Inu funsani mafunso awiri, wakuvomerezani ndani, ndipo wakuvomerezani kuphunzitsa chiyani.

Pali ena akakuuzani kuti ndife registered amatanthauza kuti kampani yawo inalembetsedwa ku CIPC. Zimenezo ndi zoona mwina, koma CIPC imalembetsa kampani iliyonse, ya ma taxi, ya saluni, yogulitsa matayala. Nambala ya CIPC sikunena chilichonse za maphunziro. Ndiye munthu akakuonetsani nambala ija yokhala ndi chaka kumayambiriro ngati umboni woti sukulu ndi yovomerezeka, sanakuyankheni funso lanu.

Amene amavomereza sukulu kuphunzitsa kozi yatsopano ya ntchitoyi ndi QCTO, Quality Council for Trades and Occupations. Kozi yake dzina lake ndi Occupational Certificate: Real Estate Agent, nambala yake ku SAQA, bungwe losunga mndandanda wa makozi ovomerezeka m'dziko lino, ndi 118714. Kozi yakale ija ambiri anachita, Further Education and Training Certificate: Real Estate, nambala 59097, inkayendera ku bungwe lina la maphunziro a ntchito lotchedwa Services SETA ndipo ndi imodzi mwa makozi akale omwe akuthetsedwa pang'onopang'ono. Chochita ndi chophweka, funsani sukuluyo nambala ya SAQA ya kozi yomwe akukugulitsani, lowani pa webusayiti ya SAQA, lembani nambalayo, muona dzina la kozi, mulingo wake, ma credit ake, komanso tsiku lomaliza lomwe munthu angalembetse kozi imeneyo. Tsiku limenelo liyang'anitsitseni. Kulembetsa kozi yomwe khomo lake linatsekedwa kale ndi kutaya ndalama m'madzi.

Kenako pemphani kalata yawo ya accreditation, kalata yeniyeniyo osati chizindikiro cha pa kapepala. Sukulu yoona sivuta, amakutumizirani nthawi yomweyo chifukwa amanyadira nayo. Pa kalatapo onani dzina la kampani ngati likufanana ndi dzina la pa akaunti ya ku banki yomwe akuti mulipireko, onani kozi yomwe yatchulidwa, onani adilesi, onani masiku ngati sinathe ntchito. Ndanena za kozi chifukwa sukulu itha kukhala yovomerezekadi koma pa zina, mwina za business administration kaya za ulonda, n'kumagwiritsa ntchito nambala yomweyo kutsatsira kozi ya nyumba. Mukatha apo musakhulupirire kalata yokhayo, masiku ano kalata aliyense atha kupanga pa foni, lowani pa webusayiti ya QCTO pali mndandanda wa sukulu zomwe anazivomereza, mufufuze dzinalo nokha.

Chinanso, pali kusiyana pakati pa satifiketi yoti munapezekapo pa maphunziro ndi qualification. Satifiketi ya attendance imasindikizidwa ndi sukulu yomweyo, yokongola, ya chidindo chagolide, koma PPRA siiwerengera ngati Level 4. Pa kozi yatsopanoyi mayeso omaliza ndi akunja, amawatcha EISA, ndipo satifiketi imachokera ku QCTO osati kwa aphunzitsi anu. Sindikunena kuti tima kozi tifupitifupi ndi toipa ayi, pali ena amaphunzitsa bwino kukonzekera PDE, ena kaphunzitsidwe ka kutsatsa nyumba pa intaneti, ndipo ngati akunena zoona kuti ichi ndi chongothandizira palibe mlandu. Mlandu umayamba pomwe kozi ya masiku atatu yavekedwa malaya a qualification.

Ndipo akadzitcha university kaya kunena kuti akupatsani diploma kapena digiri, imeneyo ndi nkhani ina, ayenera kupezeka pa mndandanda wa DHET, unduna wa maphunziro apamwamba, womwe umasindikiza maina a makoleji a private olembetsedwa.

Zomwe lamulo likunena pa bodza la m'malonda

Lamulo lalikulu apa ndi Consumer Protection Act 68 ya 2008, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011. Gawo 29 likuletsa kutsatsa malonda m'njira yonama kapena yosocheretsa. Gawo 41 ndi lomwe ndimalikonda chifukwa likupita patali, silikungoletsa bodza lamkunkhuniza lokha, likuletsanso kukokomeza, kulankhula mozungulira kuti munthu amve zina, kubisa mfundo yofunika, komanso kuona kuti kasitomala wamva molakwika iwe n'kungokhala chete osamukonza. Likutchulanso zonena kuti uli ndi chivomerezo kapena ubale ndi bungwe lina pomwe ulibe. Ndiye munthu woika chizindikiro cha PPRA pa kapepala kuti inu muganize kuti PPRA ndi yomwe yamutuma, ngakhale sanalembe mawu amenewo, sangathawire kunena kuti ine sindinanene. Ndipo ngati mwamuuza kuti ndikulipira chifukwa ndikufuna FFC mwezi wamawa, iye akudziwa kuti kozi yakeyo singakupatseni FFC, n'kulandira ndalama ali duu, walakwira lamulo.

Chilango sichaching'ono, National Consumer Tribunal itha kulipiritsa kampani mpaka 10 peresenti ya ndalama zomwe inapanga pachaka kapena R1 miliyoni, kutengera chomwe chili chachikulu.

Palinso Advertising Regulatory Board, ARB, yomwe inayamba mu 2018 italowa m'malo mwa bungwe lakale loyang'anira malonda la ASA. Iyi si ya boma, ndi ya makampani otsatsa malonda eni ake, koma malamulo awo ali ndi mfundo imodzi yothandiza kwambiri, yoti wotsatsa akanena chinthu chomwe chingathe kuyezedwa ayenera kukhala ndi umboni m'manja asanatulutse malondawo, osati kukausaka anthu atadandaula. Mfundo imeneyi itengeni ikhale yanu. Nambala iliyonse ya pa kapepala, inu muli ndi ufulu wofunsa kuti umboni wake uli kuti.

Zoti ophunzira athu onse amakhoza

Mukaona 98% pass rate kaya 100%, musachite nayo chidwi msanga. Funsani kuti akhoza mayeso ati, a m'kalasi omwe sukulu yomweyo imalemba ndi kuchonga yokha, kapena EISA, kapena PDE ya PPRA? Funsani kuti mwa anthu angati, chifukwa anthu 5 akalemba onse n'kukhoza ndi 100% yomweyo. Funsani kuti chaka chiti. Funsani ngati akuwerenga okhoza ulendo woyamba kapena ndi obwereza omwe. Ndipo funso lomwe limawavuta kwambiri ndi ili, mwa anthu omwe analipira fizi ndi angati anafika polemba mayesowo? Sukulu itha kulembetsa anthu 200, n'kutumiza ku mayeso 20 okha omwe ikuwadalira, 19 n'kukhoza, kapepala n'kulembedwa 95%. Masamuwo ndi oona koma chithunzi chomwe mwapatsidwa ndi chabodza.

Ku Texas ku America anaiona nkhani imeneyi, bungwe lawo loyang'anira ma agent la TREC limaika lokha pa webusayiti yake kakhozedwe ka ophunzira a sukulu iliyonse pa ulendo woyamba, kuti munthu asamadalire zonena za sukulu. Kuno muyenera kufunsa nokha, ndipo funsani pa email kapena pa WhatsApp kuti yankho likhale lolembedwa. Za pakamwa mawa adzakana.

Zoti ntchito ilipo kale, ndi za ndalama zija

Apa ndi pomwe mtima wa mwana wa achemwali anga unakodwa, ndipo ndikumumvetsa, munthu watopa ndi kudzuka 4 koloko kuthamangira taxi. Koma ntchito imeneyi kwa ambiri ilibe salary, ndi ya komishoni. Tiyeni tingoyerekeza, mwagulitsa nyumba ya R1,000,000 ndipo mwini nyumba anagwirizana ndi kampani yanu komishoni ya 5 peresenti, ndiye R50,000. Ndalama imeneyo si yanu yonse, mumagawana ndi kampani, tinene theka ndi theka, yanu R25,000, ndipo candidate nthawi zambiri gawo lake limachepera apo chifukwa wokuyang'anirani nayenso amadyapo. Pamenepo a msonkho a SARS sanatengepo yawo. Ndipo simulandira tsiku lomwe wogula wasaina ayi, mumadikira mpaka nyumba ilembetsedwe m'dzina la mwini watsopano ku Deeds Office, zomwe zimatenga miyezi iwiri itatu zikayenda bwino, ndipo banki ikakana kupereka ngongole kwa wogulayo dilu yonse yafera pomwepo. Miyezi yonseyi petulo ndi wanu, airtime ndi data ndi zanu, lendi ya chipinda chanu ikudikira, kumudzi akudikira ya feteleza.

Ndiye kapepala kakati mpaka R80,000 pamwezi, mawu oti mpakawo ndi pobisalira. Mwina alipodi mmodzi ku Sandton kaya ku Camps Bay amene anapanga zimenezo mwezi wina. Inu funsani kuti wophunzira wamba wa chaka chatha, m'miyezi 12 yake yoyamba, anapanga zingati. Ngati alibe nambala imeneyo ndiye kuti nambala ya pa kapepalayo inachokera m'mutu.

Za job guaranteed funsani dzina la kampani yomwe ikakutengeni, kenako imbani ku kampaniko nokha, nambala muipeze panokha osati yomwe akupatsani. Fufuzaninso ngati kampaniyo ili ndi FFC yake ku PPRA. Nthawi zambiri mupeza kuti guarantee ija ikutanthauza kuti atumiza CV yanu ku makampani angapo, kapena akuitanirani ku interview imodzi. Kuthandiza munthu kusaka ntchito ndi chinthu chabwino, akanangolemba choncho, koma sizofanana ndi kumulonjeza ntchito. Ndipo dziwani kuti makampani ambiri a ma agent amatenga ma candidate mwachindunji popanda kudzera kwa dobadoba aliyense, chifukwa sakulipirani salary, ndiye munthu wokulipiritsani ndalama yapadera kuti akupezereni malo akukugulitsani chinthu chomwe mukanapeza pogogoda nokha.

Maumboni a anthu aja, chithunzi cha mayi akumwetulira akuti moyo wanga unasintha, nawonso ayenera kukhala a anthu enieni omwe anaphunziradi pamenepo. Pemphani kuti mulankhule ndi awiri atatu omwe anamaliza chaka chatha, ndipo mukapatsidwa dzina funsani munthuyo ngati ali ndi FFC ndipo akugwira pa kampani iti.

Nkhani ya mapepala, iyi ndi yathu ifeyo

Ili ndi gawo lomwe kapepala sikadzakuuzani, koma kwa ife obwera ndi lomwe limadula mutu wa nkhani. Lamulo la 2019 lija, pa gawo 50, likuti PPRA isapereke FFC kwa munthu yemwe si nzika ya South Africa ndipo sakukhala m'dzikomo movomerezeka. Masiku 30 aja amatidindira pa Beitbridge ndi a mlendo wodzacheza, si chilolezo chogwirira ntchito. Ndiye mutha kulipira fizi yonse, kuphunzira mwakhama, kukhoza bwinobwino, n'kukafika pa khomo la PPRA n'kubwezedwa. Sukulu yachilungamo imakufunsani za mapepala musanalipire. Yomwe yaona pasipoti yanu ya Malawi, n'kukuuzani kuti zimenezo musadandaule tidzakonza, ikukunamizani pa mfundo yaikulu kuposa zonse, ndipo ndi kubisa komwe gawo 41 likuletsa kuja. Zimandiwawa chifukwa anthu oterewa amadziwa kuti munthu wopanda mapepala sakadandaula kulikonse, amaopa, ndiye amamusankha dala.

Komanso ngati akufuna umboni wa sukulu yomwe munafika, MSCE yathu ya MANEB imayenera kukaunikidwa ku SAQA kuti aone mulingo wake kuno, ndipo zimenezo zili ndi mtengo wake ndi nthawi yake. Funsani sukuluyo ngati ikufuna zimenezi musanayambe, osati adzakuuzeni muli pakati.

Mtengo

Apa mwachidule. Pemphani mtengo wonse wolembedwa, kuyambira registration, mabuku, assessment, kubwereza mukalephera, mpaka satifiketi, ndipo afotokoze zomwe sizili m'katimo monga ndalama ya FFC ndi ya mayeso a PDE zomwe zimapita ku PPRA. Ngati amalipiritsa VAT, 15 peresenti ija ikuyenera kuoneka pa mtengo womwe atsatsa osati kudzatulukira pa invoice. Mawu oti free aoneni bwino, ndipo zija zoti malo atsala atatu okha lipirani lero, bwererani pa tsamba lawo sabata yamawa, mukapeza malo akadali atatu omwewo mwadziwa mtundu wa anthu omwe mukuchita nawo. Ndalama lipirani ku akaunti ya kampani, osati ya munthu, osati pa eWallet, ndipo lisiti musunge.

Ma seminar a kulemera ndi nyumba

Pali mtundu wina womwe suphunzitsa u agent koma umati tikuphunzitsani kugula nyumba n'kulemera, ngakhale mulibe ndalama. Kachitidwe kake kamafanana kulikonse, tsiku loyamba ndi laulere mu hotela yabwino, kumapeto amakuuzani kuti zinsinsi zenizeni zili mu kozi ya masiku atatu yolipira, mukafika kumeneko amakuuzaninso kuti zenizeni zili mu mentorship ya ndalama zambiri. Chitsanzo chodziwika dziko lonse ndi Trump University ku America, yomwe inayamba mu 2005. Inkayamba ndi msonkhano waulere, kenako masiku atatu a $1,495, kenako phukusi lofika pafupifupi $35,000. Sinali university yovomerezeka, akuluakulu a maphunziro ku New York anaichenjeza za dzinalo mpaka inalisintha mu 2010, ndipo malonda ake ankati aphunzitsi anachita kusankhidwa ndi Donald Trump mwiniwake, mfundo yomwe inadzakhala pakati pa milandu. Mu 2013 boma la New York linaisumira, ophunzira nawonso anasuma, ndipo mu November 2016 nkhani inatha ndi mgwirizano wolipira $25 miliyoni popanda kuvomera kulakwa. Onani zomwe anthu anadandaula, dzina lonamizira sukulu yaikulu, aphunzitsi okokomezedwa, malonjezo a ndalama. Ndi zomwezija za pa kapepala kaja ka mwana wa achemwali anga, kungosiyana kukula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngati mwalipira kale

Musakhale pansi n'kumangodziimba mlandu, pali zochita. Choyamba sungani umboni lero lomwe, screenshot ya malondawo tsiku likuoneka, macheza onse a pa WhatsApp, ma voice note, lisiti, kontirakiti. Malonda a pa Facebook amafufutidwa mphindi imodzi munthu akangoyamba kufunsa mafunso.

Ngati iwowo ndi omwe anakupezani, kukuimbirani foni, kukutumizirani meseji kaya kukuimitsani pa mall, imeneyo lamulo limaitcha direct marketing ndipo gawo 16 likukupatsani masiku 5 ogwira ntchito oti musinthe maganizo popanda kupereka chifukwa komanso popanda chilango, bola muwadziwitse molemba, ndipo iwo abweze ndalama pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Ngati ndi kontirakiti ya nthawi yoikika, tinene ya miyezi 12, gawo 14 likukulolani kuithetsa powapatsa notisi yolemba ya masiku 20 ogwira ntchito, atha kukudulani kenakake koma kakhale koyenera, osati kungoloza mzere woti no refunds n'kudya zonse. Mzere umenewo suposa lamulo.

Alembereni kalata yaifupi, munene zomwe malonda analonjeza, zomwe mwapeza, ndalama yomwe mukufuna ibwezedwe ndi tsiku. Akakana kapena akangokhala chete pitani ku Consumer Goods and Services Ombud kapena ku ofesi ya ogula ya province yanu, Gauteng ili nayo, Western Cape ili nayo, kapenanso ku National Consumer Commission. Konseku kudandaula ndi kwaulere. Malonda enieniwo akadandaulireni ku ARB, nakonso munthu wamba salipira. Ngati ananama za accreditation dziwitsani QCTO, ngati akugwiritsa ntchito dzina la PPRA molakwika dziwitsani PPRA, ndipo ngati sukuluyo kulibe n'komwe, anangotenga ndalama n'kuzimitsa foni, umenewo ndi mlandu wakuba mwachinyengo, wa ku polisi. Mukakhala angapo omwe munapusitsidwa malo amodzi pitani limodzi, dandaulo la anthu 10 limamveka kuposa la mmodzi.

Mawu kwa ife omwe timaponya timapepalati m'magulu

Izi ndikunena ndi ulemu wonse chifukwa ndikudziwa kuti moyo kuno ndi wovuta. Ambiri mwa timapepalati satipeza pa chikwangwani, timafika kudzera kwa m'bale, wa ku tchalitchi, wa m'gulu la maliro, yemwe analonjezedwa kangachepe pa munthu aliyense yemwe amubweretse. Munthu amalipira chifukwa wakhulupirira inuyo, osati sukuluyo. Ndiye musanaponye, chongani nambala ya SAQA ija ndi dzina ku QCTO, ndi ntchito ya mphindi 10, ndipo ngati mukulandirapo kanthu nenani poyera kuti ine ndikapeza munthu amandipatsa zakuti. Ndipo ngati muli ndi sukulu yanu kapena mumalembera ena malonda, lembani dzina lenileni la kozi ndi nambala yake, yemwe anakuvomerezani ndi nambala yake, nthawi yeniyeni yomwe kozi imatenga, mtengo wonse, ndi mzere umodzi womveka woti FFC imaperekedwa ndi PPRA ndipo ili ndi zofunika zake kuphatikizapo mapepala okhalira m'dziko. Pass rate ikani ndi chaka chake ndi chiwerengero cha olemba. Za ndalama zomwe munthu adzapange, ngati mulibe umboni zisiyeni.

Mwana wa achemwali anga uja tinalemba naye mafunso anayi n'kutumiza pa nambala ya pa kapepala, nambala ya SAQA ya kozi, kalata ya accreditation, dzina la kampani yomwe ikamulembe ntchito, komanso ngati permit yomwe ali nayo ikukwanira kupezera FFC. A sukuluwo anayankha msanga, koma yankho lake linali loti discount ikutha Lachisanu ndiye alipire deposit kaye zinazo adzamufotokozera ku kalasi. Tinafunsanso kachiwiri mafunso omwewo, mpaka lero sanayankhe. Mwanayo ndalama yake ija waisunga, panopa watumiza MSCE yake ku SAQA ndipo Loweruka likubwerali akukaonana ndi mayi wina wa kampani ya ma agent ya m'dera lomwe amagwira ntchito, yemwe mwanayo amamudulira kapinga pa nyumba zomwe mayiyo akugulitsa, kuti akamufunse ngati amatenga ma candidate komanso kuti ma candidate ake amaphunzira sukulu iti.